Mukaweruka ku ntchito, mutu nawo uweruke

Munthu umatha kuweruka 5 koloko, kufika pakhomo, kuvula nsapato, kukhala pa mpando mpaka usiku osagwira kalikonse, koma m'mawa kudzuka wotopa ngati unagona ku ofesi komweko. Ine zinandichitikira nthawi yaitali ndithu, ndimaganiza kuti vuto ndi tulo basi. Patapita nthawi nde ndinazindikira kuti thupi limabwera kunyumba koma mutu umatsala kuntchito, ukuyankhabe abwana, ukuwerengerabe lipoti la mawa, ukubwerezabe mawu aja anakulankhula mnzako pa miting'i.

Chimachitika m'thupi ndi ichi. Ntchito ikakupanikiza thupi limatulutsa mahomoni ngati cortisol ndi adrenaline, mtima umagunda mwachangu, minofu imakungika, ndipo izi sizoipa ayi, ndi zomwe zimakuthandiza kumaliza ntchito. Koma zimayenera kutsika ukaweruka. Tsono thupi silisiyanitsa kwenikweni pakati pa kukhala pamaso pa abwana ndi kumangowaganizira uli pa bedi, nde ukamaganizabe za kuntchito injini ija sizima.

Akatswiri awiri a maganizo a anthu pa ntchito, Sabine Sonnentag ndi Charlotte Fritz, mu 2007 analemba za zinthu zinayi zomwe zimabwezeretsa mphamvu munthu akaweruka: kuchotsa maganizo pa ntchito, kumasula thupi, kuphunzira luso lina lake, komanso kusankha wekha chochita ndi nthawi yako. Kwa ine choyambachi ndiye mwini nkhani, zinazo zimavuta ngati icho chakanika.

Yambani musanatuluke n'komwe pa geti. Mphindi zisanu zomaliza tengani pepala, lembani zonse zomwe simunamalize, ndipo pambali pa chilichonse lembani chomwe mudzayambire mawa, osangolemba kuti "lipoti" koma "8 koloko kuimbira a akaunti andipatse manambala". Katswiri wina wa maganizo, Bluma Zeigarnik, kalekale mu 1927 anaona kuti anthu amakumbukira kwambiri ntchito yomwe yadukizidwa pakati kuposa yomwe yatha. Ndiye mutu umangokukumbutsa kuopa kuti uiwala, koma ukaona kuti zalembedwa ndipo pulani ilipo umayamba kukusiya. Pepalalo musiye pa desiki pomwepo, lisalowe m'chikwama.

Kenako foni. Apa nde pamagona vuto la ambirife, gulu la WhatsApp la kuntchito likulira 9 koloko usiku, iwe n'kungoti ndingoona chabe sindiyankha, koma kuona kokhako wabwerera kale ku ofesi. Tsekani ma notification a magulu a kuntchito ndi imelo kuyambira ola lomwe mwasankha. Musangosowa mwakachetechete, auzeni abwana mwaulemu, mwina kuti "bwana, ikakwana 7 sindikhala pa meseji, pakakhala za changu mundiimbire ndiyankha". Mudzaona kuti zambiri zomwe zimabwera usiku zimatha kudikira m'mawa. Ku France nkhaniyi anafika poyiika m'malamulo, kuyambira 1 January 2017 makampani a antchito 50 kupita m'mwamba amayenera kukambirana ndi antchito awo za ufulu wothimitsa mauthenga a kuntchito akaweruka. Ndikudziwa kuti anamwino, madokotala ndi ena a pa kolo, oitanidwa ku ntchito nthawi ina iliyonse, sangathimitse foni, koma olo iwowo akhoza kusiyanitsa tsiku la kolo ndi tsiku lomwe si lawo.

Mukafika kunyumba sinthani zovala nthawi yomweyo, sambani. Zimaoneka zazing'ono koma mutu umaphunzira kuti yunifolomu ikavulidwa tsiku latha.

Tsopano chochita madzulowo. Langizo langa ndi lakuti sankhani chinthu chosiyana ndi chomwe chakutopetsani. Ngati mwakhala pa kompyuta tsiku lonse, thupi silinatope, watopa ndi mutu ndi maso, nde kukakhalanso pa sikirini ina mpaka 11 sikupuma kwenikweni. Tulukani muyende, thamangani, menyani mpira, vinani olo pa balaza pomwepo. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalimbikitsa kuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi zapakatikati mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiye kuti kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu mwakwanitsa, jimu siyofunika. Koma ngati ntchito yanu ndi yonyamula katundu, yomanga, yoimirira kuyambira m'mawa, musadzikakamize kukathamanga, inu khalani pansi, werengani buku, mverani nyimbo, wongolani msana. Aphunzitsi ndi ogulitsa mu shopu omwe alankhula ndi anthu tsiku lonse mwina akufunika ola la zii, pomwe wogwira ntchito yekhayekha m'chipinda akufunika kucheza ndi kuseka ndi anzake. Chenjezo limodzi pa macheza: mukakumana ndi anzanu a kuntchito n'kuthera maola awiri mukudandaula za abwana, dziwani kuti simunaweruke.

Chomwe ine chinandithandiza zedi ndi cha luso chija. Poyamba chimamveka chachilendo, watopa kale nde ukaphunzirenso chinthu? Koma yesani muone. Ukamaphunzira gitala, zala zikusaka pogwira, khutu likumvetsera ngati waya walira bwino, mutu ulibe malo oikamo za ku ofesi, umadzaza ndi gitalayo. Chimodzimodzi kusoka, kujambula, kuimba mu kwaya, kuphunzira chilankhulo china, kubzala maluwa. Ndiponso pali kukoma kwina kwake, kuona kuti chomwe chimakukanika sabata yatha lero chatheka, ndipo palibe yemwe akubwera kudzachichonga kapena kukupatsa dedilaini. Makamaka tsiku lomwe kuntchito wanyozedwa, umakumbuka kuti ndiwe munthu wokhoza zinthu. Bola chisasanduke geni, chikangoyamba kukhala ndi makasitomala chasanduka ntchito yachiwiri.

Za kusankha wekha, apa ndilankhule ndi a pabanja. Anthu ambiri, makamaka amayi, akaweruka amakayamba shifiti ina, kuphika, kuchapa, homuweki ya ana, mpaka kugwa pa bedi osapeza olo mphindi khumi zawozawo. Khalani pansi monga banja mugawane, lero ine nditenga ana iwe upume mphindi 40, mawa tisinthana. Ndipo nthawiyo mwini wake achite chomwe akufuna, asauzidwe. Kuyenda komwe wakukakamiza mnzako sikupumitsa ngati kuyenda komwe wafuna wekha.

Pali msampha womwe Sonnentag yemweyo anaulongosola, woti tsiku lomwe ntchito yakufinya kwambiri, lomwe ukufunikira kupuma kuposa masiku onse, ndi tsiku lomwenso umalephera kuchita zokupumitsa. Umangogwera pa mpando, chala pa foni, maola kumapita. Nde musadalire mphamvu za madzulo, konzeranitu m'mawa. Nsapato zothamangira ziikeni pa chitseko, panganani ndi mnzanu kuti akupezeni 6 koloko, gitala isakhale m'thumba lake pamwamba pa wadirobu. Dziuzeni kuti ndichita mphindi khumi zokha, nthawi zambiri ukayamba umapitiriza.

Mowa umagonetsa msanga inde koma umasokoneza tulo ta pakati pa usiku kufika m'bandakucha. Khofi nayenso, caffeine wa m'khofimo, yemwe amathawitsa tulo, amatenga maola pafupifupi asanu kuti theka lake lichoke m'thupi, kapu ya 5 koloko imakhala ikugwirabe ntchito nthawi yogona. Munthu wamkulu amafunika tulo ta maola 7 kapena kuposerapo. Ndipo musamasungire kupuma konse ku holide, ubwino wa holide umazilala pakangotha masabata ochepa mutabwerera, madzulo a tsiku ndi tsiku ndiwo amakusungani.

Komabe gitala singachize ntchito yopyola muyezo. Mu 2021 WHO ndi bungwe la zantchito pa dziko lonse la ILO anatulutsa kafukufuku wosonyeza kuti kugwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata kumakweza chiopsezo cha sitiroko ndi 35 peresenti poyerekeza ndi maola 35 mpaka 40. Ngati mwayesa zonsezi kwa masabata angapo koma mukudzukabe wotheratu, ntchito mwayamba kuida, tulo sitikubwera, mtima ukungothamanga, pitani mukaonane ndi dokotala, ndipo mupemphe kukhala pansi ndi abwana kapena a HR, oona za antchito, mukambirane za maola ndi kuchuluka kwa ntchitoyo.