Momwe mungapangire mpeni wodulira machubu a pulasitiki a mbande

Nyengo ya nazale ikafika, ambiri kuno ku Chipata amadula mpukutu wa machubu ndi sizasi mpaka zala kuchita matuza. Komatu mpeni wa chogwirira, wotsitsa ndi dzanja limodzi, wowotcherera waluso atha kukupangirani.

Yambani ndi chitsulo. Funani masowo awiri akale a makina odulira zitsulo, olembedwa HSS (chitsulo cholimba kwambiri chodulira zitsulo zina), okhuthala mamilimita 2. Amenewa ndiwo adzakhale mipeni iwiri, wapamwamba wotsika ndi chogwirira ndi wapansi wosasuntha. Samalani ndi ena ogulitsa zitsulo zakale, amakupatsani ya bi-metal (ya zitsulo ziwiri zolumikiza) pa mtengo wa HSS, chikhalirecho iyo ndi yolimba kumano kokha. Yendani ndi tupa m'thumba. Ikamaterereka pamsana pa sowo, gulani. Ikaluma, isiyeni ngakhale atsitse mtengo.

Chotsani mano pa galainda pang'onopang'ono, chitsulo chisasinthe mtundu. Mpeni wapamwamba unoleni mbali imodzi yokha, madigiri 25 mpaka 30. Wapansi ukhale wa kona, wosalala. HSS siboolereka ndi dirilo wamba, ndipo mukaiwotcherera imang'aluka, choncho ipanikizeni pakati pa flat bar ndi angle iron, mumange ndi mabawuti a M8 (okhuthala mamilimita 8).

Pamene mipeni yambiri imalephera ndi pa mpata wa pakati pa mipeni iwiriyi. Pulasitiki ya ma micron 50 ndi mamilimita 0.05 chabe, pafupifupi theka la pepala la m'kope. Mpata ukaposa pamenepo, pulasitiki sidulika: imapindikira m'kati, kutamuka, n'kutuluka ndi m'mphepete mwa manyanyata. Anthu amathamangira kunolanso, koma vuto si kubuntha ayi. Mipeni iyenera kukhudzana ndithu, kuyambira pabawuti yomwe chogwirira chimazungulirapo mpaka kunsonga, pamalo amodzi nthawi iliyonse pamene wapamwamba ukutsika.

Pabawuti imeneyo, ya M12, ikani sipuling'i ya valavu ya injini pakati pa mawashala awiri, mutseke ndi manati awiri kuti asamasuke. Ndiyo imakankhira mpeni kwa unzake. Kenako tsitsani chogwirira pang'onopang'ono mutaunika tochi kunsi. Pomwe kuwala kukudutsa, masulani mabawuti a M8 aja, mulowetse kachidutswa ka chitini cha chakumwa kumbuyo kwa mpeni wapansi. Kamodzi kamasuntha pafupifupi mamilimita 0.1. Yesani ndi nyuzipepala kuchiyambi, pakati ndi kunsonga. Kunsonga ndi komwe kumavuta, chifukwa chogwirira chikakhala chopyapyala chimapindikira kunja. Musaumire chitsulo pamenepo. Osamanganso sipuling'i mopitirira, HSS ndi yolimba koma yosachedwa kubenthuka, mipeni ikagundana m'mphepete imagweluka.

Zotsalazo n'zapafupi. Ikani thabwa lopanikiza pulasitiki pafupi ndi mpeni kuti isakokeke, ndi lina loimitsira utali wa chubu. Yambani ndi zosanjikiza zisanu, muziwonjezera malinga ndi mmene zikudulikira. Kutsogolo kukhale chotchinga zala, ndipo mukaweruka mangani chogwirira ndi loko, ana asachitukule.