Kabuku ka m'kati mwa gemu: mmene ndinakapangira ndi Godot

Gemu imene ndikupanga ndi ya minibasi za muno mu Lusaka. Wosewera ndi kondakitala: akweze anthu pa Kulima Tower, akawatsitse ku Matero kapena ku Mtendere, abweze chenji osalakwitsa. Mng'ono wanga atayiyesa, sipanathe mphindi ziwiri osafunsa kuti, "Achimwene, nanga apa nditani?" M'pamene ndinaona kuti pakufunika kabuku kofotokoza siteji iliyonse ndi malamulo ake, komwe wosewera angatsegule ali m'kati momwemo.

Ndimagwiritsa ntchito Godot 4, pulogalamu yopangira magemu, chifukwa ndi yaulere ndipo siilemetsa laputopu yanga yakale.

Chachikulu ndi ichi: mawu a kabuku musawalembe m'kati mwa code. Akhale m'fayilo yawoyawo ya JSON (kalembedwe kosungira zinthu mwadongosolo kuti pulogalamu iziwerenga), ine ndinaitcha kabuku.json. Nkhani iliyonse ikhale ndi "mutu" ndi "mawu", basi. Tsiku limene mudzafune kuwonjezera Chawama kapena kumasulira zonse m'Chibemba, mudzangosintha fayiloyo, gemu osaikhudza. Kuiwerenga ndi mzere umodzi:

var nkhani = JSON.parse_string(FileAccess.get_file_as_string("res://kabuku.json"))

Ikabweza null (kutanthauza kuti yalephera kuwerenga), fufuzani chizindikiro cha koma (,) chimene chasowa kapena chizindikiro chimene simunatseke m'fayilomo.

Kenako pangani scene yatsopano, gawo lapadera la gemu lomwe likhale kabukuko. Kumanzere ikani ItemList (mndandanda wodinika) ya mitu, kumanja RichTextLabel (bokosi loonetsa zolemba) ya mawu, ndipo muyatse bbcode_enabled kuti mayina a masiteji amene mwawaika pakati pa [b] ndi [/b] azioneka akuda kwambiri. Mitu muilowetse ndi add_item. Signal ya item_selected, uthenga umene ItemList imatumiza munthu akadina, imakupatsani nambala ya mutu umene munthu wadina, inu mungotenga nkhani ya nambala yomweyo n'kuiika kumanja.

Apa ndi pamene ndinatayira usiku wathunthu. Ndinkafuna kuti minibasi iziima munthu akamawerenga, choncho ndinalemba get_tree().paused = true. Minibasi inaimadi, koma kabukunso kanauma gwa, ngakhale batani lotsekera silinkadinika. Chifukwa chake n'chakuti kabuku kamatengera process_mode (lamulo loti chinthu chizigwira ntchito kapena ayi gemu ikaima) ya node (chidutswa cha scene) imene kali pansi pake. Sinthani pa node yoyamba ya kabukuko, ikhale Always, ndipo potseka musaiwale kubweza paused kukhala false.

Ngati mwasankha font yanuyanu, lembani mawu okhala ndi ŵ muone. Yanga yoyamba inkaonetsa kabokosi pamalo pake.

Mng'ono wanga uja anayesanso Loweruka pa foni yake. Anadandaula kuti zilembo n'zazing'ono kwambiri, ndiye ndazikulitsa ndi kufupikitsa nkhani iliyonse kuti isapitirire mizere isanu.