Makolo a ubatizo ndi makolo olera: tiwalembe pati pa family tree?

Mukapeza buku lakale la ubatizo kutchalitchi maso amangothamangira pa dzina la mwana, la bambo ndi la mayi basi, koma kumapeto kwa mzerewo kumakhala maina ena omwe ambirife timawadumpha, a bambo ndi mayi a ubatizo. Musawadumphe chonde. Ine zimandiwawa munthu akakopera zonse n'kusiya anthu amenewa, chifukwa kafukufuku wa mbiri ya banja akakanirira nthawi zambiri ndi iwowo amakulozerani njira.

Kuti mudziwe kulemera kwa mainawa tibwerere kaye mmbuyo. Mu mpingo woyambirira obatizidwa ambiri anali akuluakulu ndiye pamafunika wina wowaimira n'kuwachitira umboni, ndipo cha m'chaka cha 200 Tertullian, mlembi wachikhristu wa nthawi imeneyo, anali atatchulapo kale za anthu oimira ana pa ubatizo. Pang'onopang'ono udindowu unasanduka chibale ndithu. Mu 530 mfumu ya Aroma Justinian inaletsa mwamuna kukwatira mtsikana amene anamuimira pa ubatizo, mu 813 msonkhano wa akuluakulu a mpingo wa ku Mainz unati kholo lisaimire mwana wake yemwe. Mabanja anaonapo mwayi, n'kumaitana anthu ambirimbiri makamaka olemera kuti apalane nawo ubale, mpaka msonkhano wa ku Trent mu 1563 unadula kuti akhale mmodzi, akachuluka awiri, mwamuna ndi mkazi, ndipo wansembe azilemba maina awo m'buku. A Anglican iwo, m'buku lawo la mapemphero la 1662, anati mwana wamwamuna akhale ndi abambo awiri ndi mayi mmodzi, wamkazi amayi awiri ndi bambo mmodzi, ndiye mukaona maina atatu musadabwe.

Kulera mwana wa wina ndi nkhani ina, ndipo sikuti onse oleredwa anali amasiye ayi. Ku Ireland kalekale makolo ali moyo ankapereka mwana ku banja lina mwa lamulo, mnyamata mpaka zaka 17, mtsikana mpaka 14, kuti aphunzire ntchito komanso mabanja agwirizane. Ku Iceland, mlembi wotchuka Snorri Sturluson analeredwa ndi Jón Loftsson ku Oddi kuyambira ali ndi zaka 3. M'Chisilamu ana oyamwa bere limodzi ndi pachibale, sangakwatirane.

Tsono kalembedwe. Choyamba kopani mawu momwe alili, osamasulira kaye. M'mabuku a Chilatini mupeza patrinus ndi matrina, pena levantes kapena susceptores, m'Chifalansa parrain ndi marraine, m'Chisipanishi padrino ndi madrina. Lembaninso parishi, tsiku, tsamba la bukulo, ndipo ngati alembapo mudzi kapena ntchito ya munthuyo musasiye.

Cholakwa chachikulu ndi kuika bambo wa ubatizo pamalo pa bambo womubereka, kapena kumupachika ngati malume pomwe umboni palibe. Pulogalamu ya pakompyuta imangokhulupirira zimene mwailembera, mawa ikuuzani kuti anthu osiyana magazi ndi asuweni, wina n'kukopera, bodza lija lafalikira pa intaneti. Chabwino n'kumutsegulira munthuyo tsamba lakelake kenako n'kumulumikiza ku chochitika cha ubatizowo. Mu Gramps, pulogalamu yaulere yolembera family tree, chochitika chimodzi mutha kuchigawira anthu angapo aliyense ndi udindo wake. Mu mafayilo a GEDCOM, omwe amagwiritsidwa ntchito posamutsa family tree kuchoka mu pulogalamu ina kupita mu ina, chizindikiro chake ndi ASSO, ndipo GEDCOM 7 ya 2021 ili ndi GODP yoimira kholo la ubatizo. Kungoti si mapulogalamu onse amazinyamula bwino mukasamutsa fayilo, ndiye lembaninso mainawo mu manotsi a ubatizowo, bola kubwereza kusiyana n'kutaya. Ngati mukugwiritsa pepala, mzere wa magazi ukhale wathunthu, wa ubatizo ukhale wodukizadukiza.

Woleredwa yekha mumulembe ku mabanja onse awiri. Omubereka asafufutidwe, omulera asabisidwe, mungosonyeza kuti ubalewo ndi wotani, mu GEDCOM pali PEDI pomwe mumasankha birth (wobadwira m'banjamo), foster (wongoleredwa) kapena adopted (wotengedwa kukhala mwana wa banjalo), ndipo ziwiri zomalizazi musazisokoneze chifukwa adopted imadutsa m'malamulo n'kusintha nkhani ya dzina ndi chuma. Muikeponso zaka, anapita liti ndipo anabwerera kapena ayi.

Pokoma pake ndi apa. Tengani ana onse a banja limodzi, osati agogo anu okha, ndandalikani makolo awo a ubatizo mmodzimmodzi. Dzina la banja likamabwerabwera kangapo, mwina kumeneko ndiye kwawo kwa mayi amene dzina lawo la ku utsikana linakusowani, ndipo onaninso mbali inayo, kodi makolo anuwo anaimirako ana a ndani? Koma musathamange kugamula, ena anali oyandikana nawo nyumba, ena mabwana a kuntchito, ena ankangoimira munthu amene sanathe kufika tsikulo ndipo wansembe amalemba onse awiri. Pomwe mukungoganiza lembani poyera kuti mukuganiza, ndi chifukwa chake. Ndipo ngati munthuyo akadali moyo, makamaka pa nkhani ya kuleredwa, mufunseni kaye musanaziike poti aliyense aziona.