Kusintha mitundu ya tiasilikali ta pepala musanatisindikize

Amene mumasewera nkhondo za pathebulo ndi tiasilikali ta pepala mukulidziwa vuto ili. Mwapeza chithunzi chabwino cha msilikali, chojambulidwa kumaso ndi kumsana komwe, mwasindikiza magulu anayi, koma powandandalika pathebulo onse angofanana ngati mapasa. Masewera akafika pachimake palibe amene akukumbukira kuti gulu lomwe lawombedwa kale ndi liti, mkangano n'kubuka. Mankhwala ake si kusakasaka zithunzi zina ayi. Chithunzi chomwecho chikhoza kukubalirani magulu asanu osiyana, bola mudziwe pogwira.

Yambani mwawerenga zomwe mwini chithunzicho analola. Ambiri saletsa kusintha mitundu ngati mukasewerera nokha, koma kugawa kapena kugulitsa zimene mwasinthazo ndi nkhani ina. Mukatero sungani fayilo yoyambayo padera, ntchito yonse ichitikire pa kope lake. Pulogalamu yokonzera zithunzi pa kompyuta yotchedwa GIMP ndi yaulere ndipo ndi yokwanira. Krita nayonso imaitha ntchitoyi.

Pamene ongoyamba kumene amapunthwa ndi apa: amatsegula Hue-Saturation, chida chosinthira mitundu mu GIMP, n'kukoka kachotsetsereka kake chithunzi chonse chili chosasankhidwa. Jekete limasinthadi kuchoka pofiira kupita pobiriwira, koma nkhope nayo imabiriwira, thabwa la mfuti n'kusanduka mtundu wosadziwika. Choyamba sankhani nsalu yokhayo, pogwiritsa ntchito Select by Color kapena kuzunguliza ndi Free Select, kenako musinthe. Dziwaninso kuti njira imeneyi siigwira pa choyera, chotuwa kapena chakuda, chifukwa pamenepo palibe mtundu woti usunthe. Mudzakoka mpaka kutopa, jekete loyera lili chiyerere.

Njira yomwe ine ndimaidalira ndi ya Multiply, ndipo ndikukupemphani kuti muiphunzire modekha. Sankhani jekete, lichotseni mtundu ndi Desaturate kuti litsale lotuwa, ndipo ngati lada muliyeretseko ndi Levels. Ikani layer yatsopano pamwamba (layer ili ngati pepala loonekera loyalidwa pa chithunzi), muiike pa Multiply, yomwe imasakaniza mtundu ndi zimene zili pansi pake m'malo mozikwirira, ndiye pakani mtundu womwe mukufuna. Mizere yakuda ya wojambula, makwinya a pachigongono, mthunzi wa pansi pa lamba, zonse zimaonekerabe pansi pa mtundu watsopanowo. Mukapaka pa layer wamba zonsezi zimakwiririka, msilikali n'kuoneka ngati wamatidwa utoto wa pakhoma. Ubwino wina ndi wakuti gulu lililonse likhoza kukhala ndi layer yakeyake m'fayilo imodzi, mumangoyatsa ndi kuzimitsa. N'chifukwa chake asilikali a yunifolomu yoyera, monga a ku Austria a m'nthawi ya Napoleon, ndiwo osavuta kuyambirapo.

Nanga musinthe pati? Kwa okonda mbiri, mbiriyo inayankha kale. Pa nkhondo ya ku Waterloo mu 1815, asilikali ambiri oyenda pansi a ku Britain anavala majekete ofiira, koma magulu ankasiyana pa kolala ndi kumapeto kwa mikono: ena chikasu, ena kobiriwira, ndipo magulu otchedwa Royal ankaika buluu. Kutsatira zimenezi kumakoma. Koma kumbukirani kuti pa kamsilikali ka mamilimita 28 kolala ndi kadontho chabe, ndipo pa ka mamilimita 15 siioneka n'komwe munthu akaima chapatali. Choncho mtundu womwewo muubwereze pa mbendera kapena m'mphepete mwa kachoimikira ka pansi. Ganiziraninso anzanu amene maso awo sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira: mbali ziwiri zolimbanazo zisiyane pa kuwala, ina yowala, ina yoderapo.

Musaiwale kumsana. N'zomvetsa chisoni kupinda pepala n'kupeza kuti kumaso msilikali wavala buluu, kumsana akadali wofiira.

Tsopano kusindikiza. Sikirini imawala yokha pamene pepala limadalira kuwala kwa m'chipinda, ndiye mitundu imatuluka yoderako, makamaka buluu ndi wobiriwira. Musathe inki pa gulu lonse musanayese. Ikani msilikali mmodzi kanayi pa tsamba, aliyense wowala mosiyanako pang'ono, musindikize pa pepala lomwe mudzagwiritsedi ntchito, lokhuthala la 160 mpaka 200 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala), osati la 80 gsm lolembera makalata, pakuti mapepala samwa inki mofanana. Dulani tonse tinayi, tiimikeni pathebulo, bwererani m'mbuyo mita imodzi, ndiye musankhe. Chithunzi chikhale pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse), ndipo posindikiza musankhe 100% osati Fit to page, kuopa kuti gulu latsopano lingafupikire anzake. Fayilo ya ntchito muisunge ngati XCF, mtundu wa fayilo wa GIMP, kuti ma layer asatayike, yosindikiza ikhale PNG. JPEG imanka iwonongeka mukamaisunga mobwerezabwereza.

Ngati pulinta yanu ndi ya inkjet, pewani guluu wamadzimadzi chifukwa inki imayenderera ikanyowa. Guluu wouma uja wooneka ngati kandodo (glue stick) ndiye woyenera. Mukamaliza kudula, m'mphepete mumatsala kamzere koyera kamene kamaonekera patali. Tengani cholembera cha inki yotuwa kapena yakuda, muyendetse mbali ya nsonga yake m'mphepetemo mopepuka, kamodzi kokha, kuti inki isalowerere pankhope.