Momwe mungazindikirire ndi kulondola matenda a vairasi m'dimba la mavwende

Amene timalima mavwende kumunsi kuno, kuyambira ku Mtakataka, Golomoti mpaka m'chigwa cha Bwanje, tiyenera kudziwa chinthu chimodzi: vairasi ikalowa mu mbewu, palibe mankhwala oichotsa. Chotheka n'kuiona msanga, kudziwa kumene yalowera, n'kuitchinga isafike mizere ina.

Zokonza munda ndi kubzala mukuzidziwa kale. Mbewu zikangotulutsa masamba enieni, yambani kuyendera dimba m'mamawa, kawiri pa sabata. Tembenuzani masamba akunsonga, chifukwa nsabwe za mbewu, zomwe zimafalitsa vairasi, zimaunjikana kunsi. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pa mbewu, kawirikawiri nsabwe zilipo. Gwedezaninso pang'ono, tikauluka tizilombo toyera ngati phulusa, ndi ntchentche zoyera zimenezo, nazonso zimafalitsa vairasi. Misampha yomata ya m'sitolo ndi yodula masiku ano. Dulani chigubu chachikasu cha mafuta ophikira, pakani girisi, muzike pakamtengo m'mbali zonse zinayi za dimba. Mbali imene yakola zambiri ndiyo khomo la adani anu.

Tsopano povuta ndi apa, ndipo ine mpamene ndinatayira dimba lathunthu la mavwende a mtundu wa Sugar Baby. Masamba atayamba chikasu, wogulitsa mankhwala wina pa msika anandiuza kuti ndi njala, n'kundigulitsa feteleza wopopera. Pamene ndinkadikira kuti zibiriwire, matenda anali akuyenda.

Kusiyanitsa kwake n'kotere. Njala imagwira mbewu zoyandikana mofanana, kutsata nthaka, ndipo kawirikawiri tsamba silipunduka. Vairasi ya nsabwe imayambira pa masamba anthete: mawangamawanga obiriwira ndi achikasu, tsamba lotupatupa, lokwinyika, nthawi zina lowonda. Mbewu imapinimbira, chipatso chimatuluka chokhota ndi cha zigamba. Ndipo imadumphadumpha, phando ili lodwala, loyandikana nalo labwinobwino, kawirikawiri kuyambira m'mphepete. Yosokoneza kwambiri ndi ya ntchentche zoyera, chifukwa imachititsa chikasu masamba akale, mitsempha n'kutsala yobiriwira, ndendende ngati kusowa kwa mchere wa m'nthaka wotchedwa magnesium. Apa musadalire maso okha. Onani ngati ntchentchezo zachuluka, jambulani pa foni, ndipo masamba angapo muwaike m'pepala mupite nawo kwa alangizi a ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu (EPA).

Musaiwale kuti chimene mukuona lero chinalowa sabata imodzi kapena ziwiri zapitazo. Nsabwe ikalawa mbewu yodwala, mphindi imodzi siikwana kuti ipatsire ina. N'chifukwa chake kupopera Cypermethrin kapena Dimethoate sikuletsa matenda ofalitsidwa ndi nsabwe. Nsabwe imafa itabaya kale. Mukapopera nthawi ya maluwa mupheranso njuchi, mavwende osabereka. Za mankhwala othiridwa m'timabotolo topanda chizindikiro, zisiyeni ndithu. Gulani olembetsedwa ku bungwe la boma loona za mankhwala ophera tizilombo la Pesticides Control Board.

Kulondola n'kosavuta. Jambulani mizere yanu m'kope, phando lodwala muike mtanda ndi tsiku lake, ndipo m'dimbamo zikanipo kamtengo komanga nsanza. Pakatha masabata awiri muona nokha ngati mitanda ikutsata mphepo ya mwera, kapena ikuchokera ku maungu ndi nkhaka zakale za aneba. Ngati n'kwa aneba, kambiranani bwino, chifukwa nsabwe sizidziwa malire.

Mbewu yodwala ikadali yaing'ono izuleni, koma yambani mwaivundikira ndi thumba kuti nsabwe zisagwere pa zinzake. Kakwirireni kutali.

Zotsalazo n'zachidule. Palirani udzu wa m'mphepete. Mukakolola musasiye mayani m'munda. Musabzale mavwende atsopano pafupi ndi akale. Ulendo wotsatira tsogozani mizere iwiri kapena itatu ya chimanga kapena mapira kuzungulira dimba, kuti nsabwe zizifikira kulawa kumeneko. Mbewu gulani yamupaketi yotseka, osati yoyezedwa pa supuni.