Chithunzi chomatuka pa tisheti: mmene ndinathanirana nacho

Matisheti a kwaya yathu ya ku Area 25 ndimadinda ndekha kunyumba, ndi printa ya inki, transfer paper (pepala losamutsira chithunzi pa nsalu) ndi simbi. Vuto linali loti tikangochapa kamodzi, chithunzi chinkayamba kumatuka m'mphepete ngati khungwa la bulugamu.

Sanali pepala, anali masitidwe. Tebulo lositira zovala lili ndi siponji, limabonthoka ukadinikiza, ndiye guluu wa pepalalo salowa mu nsalu. Pano ndimasitira pa tebulo la matabwa, nditayala pilokesi imodzi yokha. Madzi a mu simbi ndimataya onse, chifukwa nthunzi ndiyo imalepheretsa kumata. Simbi itenthe pa mulingo wa cotton, ndipo siyoyendetsa ngati mukusita yunifomu ya mwana ayi. Ndimaitsamira ndi manja awiri malo amodzi, kenako kusuntha pang'ono, makamaka m'makona momwe kumatuka kumayambira. Ya makala ndinaisiya, kutentha kwake sikukhazikika.

Tishetiyo ikhale ya thonje. Kaya ndi yatsopano kaya ya pa kaunjika ku msika wa Tsoka ku Lilongwe, ndimayamba ndaichapa popanda mankhwala ofewetsa zovala, iume, kenako ndiisite yokha kaye kuti chinyezi chichoke.

Pepala la matisheti oyera limafuna kuti chithunzi muchitembenuze pa kompyuta musanaprinte, apo ayi mawu amawerengeka chambuyo. La matisheti akuda silifuna zimenezo.

Oimba ndinawauza kuti adikire maola 24 asanachape, achape ndi madzi ozizira tisheti itatembenuzidwa, osapukusa pamwala, ndipo ayanike pamthunzi. Alipo ena amapukusabe, koma awo ndi nkhani ina.