Momwe mungapangire buku la zithunzi la mwana wa autism kunyumba

Mabuku onena za banja lomwe muli mwana wa autism (vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limakhudza momwe mwana amalankhulira ndi kucheza ndi anthu) alipo ambiri, koma pafupifupi onse ali m'Chingerezi ndipo analembedwa kunja. Kuitanitsa limodzi kuti lifike pa Blantyre, ndalama yotumizira yokha imakulefulani. Ena ndi abwino ndithu. Temple Grandin, pulofesa wa za ziweto wa ku America yemwe naye ali ndi autism, analemba mu 1995 buku lotchedwa Thinking in Pictures, momwe akufotokoza kuti iye amaganiza m'zithunzi, mawu amabwera pambuyo. Koma agogo ake a mwana sangawerenge zimenezo, mwanayo ndiye kaya. Buku lomwe limagwira ntchito pakhomo pathu ndi lomwe tinapanga tokha ndi foni. Nzeruyi si yanga: mphunzitsi wina wa ku Michigan, Carol Gray, anayamba kulembera ana ake a m'kalasi tinkhani totere cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kuti mwana adziwiretu zomwe zikubwera.

Yambani ndi chinthu chimodzi

Musalembe za tsiku lonse. Sankhani chinthu chimodzi chomwe chimabweretsa mfuu pakhomo: kumeta tsitsi, kukwera minibasi, kupita kuchipatala, kukhala m'tchalitchi. Ife tinayamba ndi kumeta, chifukwa kulira kwa makina ometera kunkamuthawitsa mnyamata wathu mpaka kuseri kwa chimbudzi.

Kenako jambulani. Zithunzi zikhale za zinthu zake zenizeni: nsapato zomwe amavala, njira yomwe mumadutsa, khomo la ometa tsitsiwo, mpando womwe adzakhalepo, makinawo ali m'manja mwa wometa. Mupemphe kaye, ambiri savuta. Zithunzi zotenga pa intaneti zisiyeni. Mwana wa tsitsi lofiira atakhala pa mpando wachikopa, kwa mwana wanu ndi munthu wina wa kwina, sizikumukhudza. Kumbuyo kwa chinthu chomwe mukujambula kukhale koyera, khoma lopanda kanthu kapena nsalu yopanda maluwa, apo ayi maso ake adzapita pa nkhuku yomwe yadutsa kumbuyoko. Masamba 6 kapena 8 ndi okwana. Lomaliza likhale la chinthu chomwe amachikonda, kaya ndi mandasi kaya kubwerera kunyumba.

Mawu

Tsamba limodzi, chiganizo chimodzi, m'chilankhulo cha pakhomo, ngati mwanayo ndiye akuyankhula. "Ndimakhala pa mpando." "Makina amalira." "Ndikhoza kutseka makutu." "Makina akasiya kulira, tamaliza." Carol Gray amalangiza kuti ziganizo zofotokoza zichuluke kuposa zolamula, zosachepera ziwiri pa chimodzi, ndipo apa ndimagwirizana naye. Buku lodzaza ndi "usalire", "usathawe" ndi chikalipiro chabe chokhala ndi zithunzi. Komanso musaname. Ngati ndi za jakisoni, lembani kuti imapweteka pang'ono kenako kumatha. Mawu oti "nthawi zonse" muwapewe, lembani "nthawi zambiri", chifukwa tsiku lomwe magetsi adzazime wometa n'kutulutsa sizasi, mwana adzaona ngati bukulo lamupusitsa.

Kusindikiza

Pitani ndi fulashi ku shopu yosindikiza, kapena tumizani zithunzizo pa WhatsApp ngati document, chifukwa mukatumiza ngati chithunzi wamba zimafika zosaoneka bwino. Amalipiritsa pa tsamba, ndiye auzeni aike zithunzi ziwiri pa pepala limodzi la A4, mudula nokha. Funsani ngati makina awo ndi a laser. Inki ya makina enawa ikangokhudza malovu imasungunuka. Mitengo sinditchula, imasintha musanafike n'komwe pa depoti, koma dziwani kuti kumata pulasitiki kumadya ndalama kuposa kusindikiza. Ena amatchula mtengo wina pakhomo, pomaliza n'kuwonjezera ya "kukonza pa kompyuta". Gwirizanani zonse asanayatse makina.

Kumata pulasitiki: apa ndiye samalani

Buku lathu loyamba linafera apa. Mnyamata wa pa shopu ina anatenga mapepala a A4 athunthu, n'kuwalowetsa m'makina, kenako n'kudula pakati ndi chodulira chija chachikulu. Zinkaoneka zokongola, zonyezimira. Koma pulasitiki imamatirira yokhayokha m'mphepete basi. Ukadula podutsa pepala, mphepeteyo imatsala yotsegula, pepala likuonekera pakati pa mapulasitiki awiri. Mwana wathu amaika chilichonse m'kamwa. Sabata isanathe malovu anali atalowa, chithunzi cha wometa chitatupa n'kusanduka chobiriwira, ndipo iye anapeza masewera atsopano osenda pulasitikiyo ndi chikhadabo. Kachidutswa kena ndinachita kukachotsa m'kamwa ndi chala. Nditabwerera ku shopu kuja, mwiniwake anangoti, "Mayi, ife timatero kumene," ndalama osabweza.

Ndiye chitani motere, ndipo muime pomwepo akamachita. Dulani kaye zithunzi zonse. Muziyale m'kathumba ka pulasitikiko motalikirana, pakati pazikhala mpata wokwana chala. Zikatuluka m'makina, dulani mumpatamo, kusiya pulasitiki yokhayokha ya mamilimita 3 mpaka 5 kuzungulira chithunzi chonse. Mbali yomwe mudzabowole siyani yokulirapo, kuti bowo lidutse pa pulasitiki pokha osakhudza pepala. Ngodya zonse zizungulizeni ndi sizasi, chifukwa pulasitiki yodula kumene imacheka ngati lezala.

Funsaninso kukhuthala kwake. Pa paketi pamalembedwa nambala: 80, 125, 150. Ya 80 ndi ya masatifiketi ogona mu sutikesi. Tengani ya 125 kupita m'mwamba, ndipo onani paketiyo ndi maso anu, poti ena amakulipiritsani yokhuthala n'kuika yopyapyala. Tsamba likatuluka lili ndi chifunga kapena timathovu, ndiye kuti makina anali asanatenthe. Abwereze, musachite manyazi. Anyamata ena amathamangira kuti magetsi asawazimire, koma buku ndi lanu.

Ngati ndalama yavuta, matani chithunzi pa katoni ya sopo ndi kukulunga ndi selotepi yaikulu ija yomangira katundu, mizere ikwerane pang'ono. Sizikongola, koma zimapirira. Zoti mugwiritse ayironi pomata pulasitiki ndazimva, ine sindinayese.

Zotsala

Bowolani, mangani ndi chingwe cha nsapato kapena mphete za makiyi. Mawaya a stepula ayi. Mukafuna zithunzi zochotseka, Velcro (kansalu komata n'kumatula kaja) amagulitsa ogulitsa zipangizo za atelala, kapena matulani pa nsapato zakale za ana.

Muwerengereni ali phee, osati atayamba kale kulira, ndipo mawu akhale omwewo tsiku lililonse. Agogo, achemwali ake ndi wantchito onse awerenge momwe zalembedwera, asawonjezere zawo. Tsiku lometa mupite nalo bukulo. Lina mupatse aphunzitsi. Ngati pasukulupo pali amene anaphunzira za ana osowa chithandizo chapadera ku koleji ya Montfort, ku Nguludi, akuthandizani kukonza mawu. A ku Mzuzu mukhoza kukafunsanso ku chipatala cha St John of God. Buku silichiza autism, ndipo ana ena amalitaya uko masiku oyamba, ingolisiyani poonekera.

Zithunzi musafufute mufoni. Wometa akasamuka kapena akagula makina ena, mudzangosintha tsamba limodzilo.